Makapu Asanu a Mariamu

Mpaka lero, ndikamva supuni ikulira m'kapu yachitsulo, ngwe ngwe ngwe, kukhosi kwanga kumauma. Kapu yathu inali yoyera, ya mlomo wabuluu wosupukasupuka, ndipo inkakhala pamwamba pa kabati moyandikana ndi chitini cha shuga. Shuga kwathu sankadyedwa chisawawa, iyayi. Ankatuluka kukabwera alendo aulemu kapena pa tsiku la Idi, ndipo amayi akatapa ankagogoda supuni m'mphepete mwa chitini kuti kambewu kalikonse kabwerere kwawo. Ife ana tinkangomva kulira kwa supuniyo tili panja, malovu ali chuchuchu.

Mudzi wathu unali kuseri kwa Ulongwe, ulendo wa ola lathunthu wapansi kuchokera pamsewu wa tala. Chaka chimene ndikukambachi mvula inadula chimanga chitangomasula. Minda inasanduka yotuwa tikuyang'ana, masamba atapiringizika ngati fodya wouma, ndipo mphepo ikawomba ankachita phokoso la mapepala. Mtsinje wathu unaphwa. Tinkafukula mchenga mpaka m'chiuno, kenako n'kukhala pansi kudikira kuti timadzi totuwa tidikhe, n'kumatapa ndi chikho pang'onopang'ono. Mbuzi zinkamwa pomwepo, ana ankasewera pomwepo, ndipo kumtunda kwake anthu ankachapa matewera. M'kati mwa dzuwa limenelo ndi mmene unagwera mwezi wa Ramazani, mwezi womanga, umene Asilamu sitidya kapena kumwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa.

Ine, Patuma, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana wamkazi mmodzi yekha pakhomo. Ndinali mfumukazi mpaka tsiku limene anabwera Mariamu. Iyeyu anali mwana wa akulu awo a amayi, amene anakwatiwa ku Balaka ndipo anamwalira komweko. Maliro atatha, amayi anabwera naye atamugwira padzanja, atavala nsapato zofiira zapulasitiki, atanyamula kasutikesi ka makatoni. Anandiposa ndi chaka chimodzi chokha, komanso anandiposa pa china chilichonse chimene munthu angaposedwe nacho. Bulangete langa labwino linapita kwa iye. Malo anga ogona, a kukhoma kumene sikufika mphepo, anapita kwa iye. Ndikang'ung'udza, amayi ankangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Ine mumtima ndinkati, nanga wako weniweniyo ngwa yani?

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti Mariamu analibe cholakwa choti ndikamunenere. Akanakhala wamwano, bwenzi zili bwino. Koma abale, mwanayo ankasesa asanatumidwe. Ankagwada popereka madzi. Ku madrasa ankawerenga Chiarabu mosadodoma, mawu ake ang'onoang'ono ali see, mwalimu akugwedezera mutu maso ali chitsinzinire, pamene ine ndinkapunthwa pa mzere uliwonse. Kuchitsime azimayi ankauza amayi kuti, "Abiti Saidi, apatu mwatola mwana!" Ndinkamva zimenezo ndowa ili pamutu, ndipo nsanje inkandidya mpaka m'mafupa. Sindikubisa, ndinkadana naye, ndipo iye ankandigawira chinangwa chake.

Ababa anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Ulongwe, ndipo ankabwera madzulo ulusi utamatirira m'ndevu. Kutatsala tsiku limodzi kuti tiyambe kumanga, anatulutsa m'thumba nsalu yobiriwira ya timaluwa tachikasu, yotsala pa ntchito ya mkazi wa mphunzitsi wina. Inkanunkhira sitolo. Anaiyala pamphasa ndipo anati, "Iyi ikukwana diresi limodzi. Amene amange masiku onse makumi atatu, osadumpha ngakhale limodzi, la Idi ndi lake." Ana a msinkhu wathu sakakamizidwa kumanga mwezi wonse, ababa ankangofuna kutiyesa. Ndinafunsa kuti nanga tikamaliza tonse awiri zidzakhala bwanji. Anangoseka n'kupinda nsalu ija.

Ndinalimba masiku asanu ndi atatu. La chisanu ndi chinayi, masana dzuwa lili paliwombo, ndinatsikira m'dzenje lathu la pamchenga kukatunga. Pansipo panali pozizira, pakununkhira dothi lonyowa. Chikho chinafika pakamwa chokha, ndikulumbira. Nditadzutsa mutu ndinaona nsapato zofiira zili pamwamba pa dzenje, ndipo pamwamba pa nsapatozo panali Mariamu akundiyang'ana. Ndinadikira kuti akanene. Madzulo tikumasula ndi futali, chinangwa chotendera nsinjiro chija, ndinkamuyang'ana pakamwa. Sananene. Mawa lake sananenenso. Akanangonena, ndikanakwapulidwa n'kuthana nazo. Koma iye anandisungira chinsinsi ngati kuti ndine kamwana kofunika kukamvera chisoni, ndipo chifundo chakecho chinandiwawa kuposa mkwapulo.

M'masiku omwewo ndi mmene tinayamba kumva za kolera. Tcheyamani wa chipani anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ndipo analankhula a Chikopa, bambo wa zaumoyo, munthu wamfupi amene ankayenda panjinga atamanga miyendo ya thalauzi ndi mphira. Anati tiziphitsa madzi akumwa, tisamapatsane moni wa padzanja pamaliro, ndiponso aliyense akumbe chimbudzi. Anthu anawomba m'manja monga mwa nthawi imeneyo, poti msonkhano wa chipani unkatha ndi m'manja. Kunyumba madzi tinkaphitsa tikakumbukira. Munthu amene wauma kukhosi tsiku lonse, azana, mfuu yoitanira ku mapemphero, ikamveka kumzikiti, sadikira kuti madzi awire ndi kuzizira.

Linali tsiku la makumi awiri ndi chiwiri. Ababa analawirira ku Balaka ndi njinga kukagula ulusi ndi mabatani a ntchito za Idi, khadi lachipani lili m'thumba la malaya kuti akawalole kulowa mumsika. Dzuwa litangotuluka, Mariamu anathamangira kuchimbudzi. Anabwerako, anathamangiranso. Ulendo wachinayi sanafike, anagwada panjira. Zimene zinkatuluka sizinali chimbudzi ayi, anali madzi otuwa ngati otsukira mpunga, a kafungo ka nsomba yaiwisi. Sankalira, sankamva kupotokola, zinkangotuluka. Amayi anamugoneka pamphasa m'chipinda, anatchinga beseni, ndipo anapempha mayi woyandikana nafe kuti akaitane a Chikopa.

A Chikopa anasuzumira m'beseni muja ndipo nkhope yawo inasintha. Anaitanitsa madzi owiritsa, mchere ndi shuga. Amayi anatsitsa chitini chija osawiringula n'komwe. A Chikopa anatsina mchere ndi zala zitatu, anatapa shuga wodzaza chikhatho, n'kuthira m'botolo la madzi, kenako anatsanulira m'kapu yoyera ija n'kutakasa. Shuga wodzaza chikhatho! Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo shuga wochuluka choncho akupita kwa munthu mmodzi. "Mchere wake usapose wa misozi," anatero. "Akataya, bwezerani. Akasanza, dikirani pang'ono, mupatseninso. Ngati akumwa, musaope, ndili ndi odwala ena kutsidyaku, ndibweranso dzuwa likapendeka. Koma akakana kumwa, Amayi, musadikire ine. Munyamuleni nthawi yomweyo, wa kuchipatala ku Liwonde."

Amayi anagwada pambali pa mphasa n'kumuuza Mariamu kuti wodwala amaloledwa kumasula, adzabweza masikuwo akachira, Mulungu safuna kuti munthu adzipweteke. Mariamu anangotembenukira kukhoma. Koma nsalu zonse zinali zitaipa, ndipo mumtsuko munatsala madzi a pansi. Kuti munthu adzaze ndowa imodzi kudzenje kuja, pankatha ola. Amayi anandipatsa kapu m'manja n'kunena kuti, "Patuma, m'mwetse m'bale wako. Ikatha, usungunule ina monga waoneramo." Anatenga ndowa ziwiri n'kutuluka.

M'chipindamo munali mdima ndi kutentha, ntchentche zikuzungulira beseni. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutakasa. Ndiyenera kunena zoona: ndinali wokondwa. Mwana wabwino uja, wa mawu a see uja, lero amasula masanasana, ndipo womumwetsa ndine. Ndinamugwira paphewa n'kunena monyodola kuti, "Imwa, Mariamu. Imwa tifanane. Diresi lija uliiwale." Anatsegula maso, ndipo anali atayamba kale kulowa m'kati. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine. "Ndimwa dzuwa likalowa," anatero, mawu ake atasasa ngati a nkhalamba. Ndinamuika supuni pamlomo, analuma mano. Ndinayesa kachiwiri, anatembenuza mutu, madzi anatayikira pakhosi. Kachitatu sindinayese. Mtima wanga unapsa kuti ngakhale ali chigonere m'zoipa zake akufunabe kundiposa.

Ndinakhala nayo kapu ija pamiyendo. Milomo yanga inali itang'ambika, lilime lili gwa. Ndinadziuza kuti ndingolawa ngati mchere wake sunapose wa misozi, poti a Chikopa anatero. Aaa, kukoma kwake! Kunali kotsekemera, kozizirira, kamchere kali patali. Ndinalawanso. Pamene ndinkazindikira n'kuti ndikuyang'ana pansi pa kapu, pamene panali kadontho kakuda ka dzimbiri. Amayi atafika ndi ndowa yoyamba anafunsa ali pakhomo, "Wamwa?" Ndinawaonetsa kapu yopanda kanthu. "Wamwa," ndinatero. Amayi anakweza manja n'kuyamika Mulungu, ndipo anandisisita pamutu. Kusisita kumeneko ndinali nditakusowa miyezi isanu.

Bodza loyamba ndi limene limavuta, enawo amangotsetsereka. Ndinasungunula kachiwiri, kachitatu. Nthawi ina amayi anafuna kumumwetsa okha, ine ndinati, "Wangomwa kumene, mukamukakamiza asanza." Anandikhulupirira, anabwerera kuchitsime. Mariamu sanatsutse, mwina sankamvanso bwino, mwina ankaona kuti bodza langalo likumutetezera kumanga kwake. Beseni linkadzaza, amayi n'kukataya, linkadzazanso. Zala zake zinakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Masana miyendo inayamba kumukoka, ndipo apo ndi pamene analira koyamba, kulira kopanda misozi. Amayi anataya zochapa, anamuika pamiyendo mtsikana wamkulu ngati khanda, akumusisita akatumba, akungoti, "Mwana wanga, mwana wanga." Ine ndinaima pakhomo mimba ili tololo ndi madzi a shuga, ndikulakalaka nditadwala ineyo.

A Chikopa anabwera dzuwa litapendeka monga ananenera. Anatsina khungu la pamimba pa Mariamu, ndipo khungulo linaima chomwecho, osabwerera. Anamugwira pamkono, anasuntha zala, anafunafuna. "Wamwa makapu angati?" anafunsa. Amayi anayang'ana ine. "Asanu," ndinatero. A Chikopa anasuzumira m'chitini cha shuga, anaona kuti chatsikadi, ndipo anakanda m'mutu. "Ndiye kuti akutaya kuposa amene akumwa," anatero motsitsa mawu. "Tisachedwenso." Azibambo anayi anamanga machira ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete lija, n'kuyamba kuthamanga naye cha kumsewu, amayi akutsatira opanda mpango kumutu. Ine anandisiya kuti ndizidikira ababa. Ndinatsuka kapu ija bwinobwino n'kuibwezera pakabati.

Pamsewu anadikira galimoto kwa nthawi, mpaka inaima lole ya thonje yopanda katundu. Amayi ankati ali m'lolemo dzuwa linalowa, ndipo Mariamu anatsegula pakamwa yekha. Anamudonthezera madzi a m'botolo, anameza kamodzi. Anatsirizika asanawoloke mlatho wa Shire.

Maliro ake anali a changu. A zaumoyo sanalole kuti azimayi amusambitse monga mwa mwambo wathu, sanalole kuphika, sanalole moni wa padzanja, ndipo zimenezi zinawapweteka amayi ngati imfa yachiwiri. Azimayi ankawatonthoza kuti, "Musalire, Abiti Saidi, wapita m'mwezi woyera, makomo a kumwamba ali otsegula." Iwo ankadziwa kuti wafa m'mwezi wa Ramazani. Ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti anamanga mpaka dzuwa kulowa, osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Ndinalira, inde, ndinalira kwambiri. Koma pansi pa misoziyo panali kamawu kakuti, waonatu, ngakhale Mulungu wasankha iye. Pa Idi ababa anandipatsa diresi lobiriwira lija, poti onse ankadziwa kuti ndamaliza mwezi. Linandifika m'akakolo, manja ake anaphimba zala zanga. Anali atadula kale nsaluyo pa msinkhu wa Mariamu.

Kuyambira chaka chimenecho, amayi anadana ndi madzi a mchere ndi shuga. Mwana wa munthu akatsegula m'mimba, iwo ankakhala oyamba kufika ndi malangizo. "Musataye shuga wanu," ankatero. "Mariamu wanga anamwa makapu asanu, tinamuika m'manda mawa lake." Amayi anali munthu wosanama, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Azimayi ankamvera. Ankathamangira mizu ndi makungwa, ena ankamumana madzi mwanayo kuti m'mimba muume. Ine ndinkamva mawu amenewo kuchitsime, pamaliro, pakhonde pathu, ndipo ndinkangowerama n'kumapitiriza zimene ndikuchita.

Ndinapita kusukulu ya unamwino ndili ndi zaka makumi awiri. Tsiku lina mphunzitsi wathu, mayi wa magalasi okhuthala, anajambula pabolodi khoma la m'kati mwa matumbo. Anati khomalo ndi mzere wa maselo, tizipinda tamoyo tating'onoting'ono togundizana, kalikonse kali ndi makomo ake olowetsera ndi otulutsira. Tizilombo tina, monga ta kamwazi, timaboola n'kulowa m'tizipindamo, timatiphwanya, n'chifukwa chake munthu amachita magazi. Koma ka kolera sikaphwanya kanthu. Kamangomatirira kunja kwa khoma n'kulavula poizoni. Poizoniyo akalowa m'selo, amatsegula khomo lotulutsira mchere n'kulisiya chitsegukire. Mchere umakhuthukira m'matumbo, ndipo kumene mchere wapita madzi amalondola. Madziwo amachokera m'magazi, m'minofu, m'maso, m'zala, mpaka mtima umasowa chopopa. Ndinkalemba zonsezi m'kope mwaukhondo, ndikuona zala zokwinyika zija.

Kenako anatenga choko china n'kujambula khomo lachiwiri. Anati ili poizoni salikhudza, koma lili ndi khalidwe lake: mchere ukabwera wokha silitseguka, shuga akabwera yekha silitseguka, limatseguka akabwera awiriwo pamodzi. Akalowa, madzi amawalondola kubwerera m'thupi. Anatinso maselo opwetekedwa aja sakhalitsa, pakapita masiku ochepa amayoyoka ndipo pamamera atsopano a makomo abwinobwino. Ntchito yonse ndi kungomusunga munthuyo ndi madzi mpaka khoma latsopanolo limere. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati alipo amene amafa ngakhale atamwa. Anati alipo, matenda akakula kwambiri pamafunika diripi, ndiye chifukwa chake wodwala akakana kumwa sitidikira. Ndinatuluka m'kalasimo n'kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Pa tchuthi chotsatira ndinapeza mwana wa mayi woyandikana nafe uja, mdzukulu wake kunena zoona, akutsegula m'mimba. Ndinaphitsa madzi, ndinatsina mchere, ndinatapa shuga. Amayi anafika n'kuima kumbuyo kwanga, tsitsi lawo litayamba imvi. "Patuma, sukulu yonseyi ukuchitabe zimenezi?" anatero. "Iwe wemwe unamumwetsa Mariamu ndi manja akowa. Makapu asanu." Mawu anali okonzeka pakamwa panga, ndinali nditawayeseza m'basi njira yonse. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo ndinaona kuti chimene chinawasunga zaka zonsezo chinali chakuti mwana wa akulu awo anamuchitira zonse zimene akanatha. Ndinameza mawu aja. Ndinangokhala pansi ndi mwanayo masiku awiri, supuni ndi supuni, ndikuyang'ana pakhosi pake kuti wamezadi. Anachira. Amayi anati n'chifukwa chakuti matenda ake anali aang'ono, ndipo anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi akukhulupirira zomwezo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti shuga uja anali mphatso, chikondi cha amayi chimene chinasochera n'kupita kwa mwana wa eni, ndipo kuti pomwa makapu aja ndinkangotenga gawo langa. Tchimo limene ndinkaliopa linali lakuti ndamasula masana n'kunama, basi. Lero ndikudziwa kuti shugayo sanali wokometsera pakamwa pa munthu, ntchito yake inali kuperekeza mchere pakhomo limodzi limene linatsala lamoyo m'matumbo a m'bale wanga. Mwina akanamwa akanafabe, zimenezo ndimadziuza kawirikawiri. Koma ndikanangoti "wakana" m'mawa muja, bwenzi atanyamuka naye dzuwa lisanafike pamutu. Za Mariamu ndinaphunzira kukhala nazo. Chimene sindidziwa, ndipo palibe amene angandiuze, ndi kuchuluka kwa ana a m'mudzi mwathu amene sanapatsidwe madziwo chifukwa amayi anga, munthu wosanama, ankabwereza mawu anga.